KUMANGA BANJA KWAO KU NKHOTAKOTA

Chaka ndi chaka, mayeso a Fomu 4 akangotha, anyamata ndi asungwana ambiri a ku Nkhotakota amamanga katundu wao nakwera basi ya ku Lilongwe, ena mpaka ku Joni. Aphunzitsinso ena akalandira kalata yowatumiza ku boma limeneli amayamba kudandaula za kutentha ndi udzudzu asanaone n'komwe malowo. Komabe alipo ena amene adasankha kukhazikika komweko, kumanga nyumba ndi kulera ana ao m'mbali mwa nyanja. Kodi anthu oterewa adaonako chiyani?

Poyamba, boma la Nkhotakota si mzinda, komanso si mudzi wamba. Lili pa msewu wa M5, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima. Pali chipatala cha boma ndi cha St Anne's, sukulu za pulaimale ndi za sekondale, msika ndiponso wailesi ya anthu a m'deralo. Koma munthu akangopatuka pang'ono pa msewu wa phula amapezeka ali pansi pa mitengo ya mango, pakati pa minda ya chinangwa. Motero banja limapeza zofunika za m'tauni popanda kutaya mtendere wa kumudzi.

Chachiwiri ndi chakudya. Mumzinda munthu amagula chilichonse: ufa, ndiwo, makala, madzi, ngakhale pogona. Malipiro a mphunzitsi kapena kalaliki amatha mwezi usanafike pakati. Ku Nkhotakota banja lokhala ndi kamunda limakumba chinangwa, kuchiviika m'madzi masiku angapo, kuchiyanika ndi kuchisinja, ndipo kondowole wapezeka. M'madambo ndi pa sikimu ya Bua amalima mpunga. Usipa, utaka ndi kampango zimachokera pa doko m'mamawa, chambo chimapezeka ku Chia, ndipo mu mtsinje wa Bua mumakwera mpasa pokaswana. Mwana wokulira kumeneku amadziwa kumene chakudya chimachokera ndi thukuta limene chimalira.

Chachitatu ndi anthu. Kwao kwa munthu kuli agogo, azakhali ndi amalume, ndipo mwana akalakwa panjira salephera kupeza womudzudzula, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa Nkhotakota palinso phunziro lina limene mbiri idasiya. Cha m'ma 1840 kudafika Jumbe Salim bin Abdullah, amene adasandutsa malowa doko la minyanga ndi akapolo owolotsedwa nyanja kupita ku Kilwa. David Livingstone adakumana ndi Jumbe kuno m'chaka cha 1863, ndipo anthu mpaka lero amaloza mtengo wa mkuyu umene adakhala pansi pake. Amishoni a UMCA adakhazikika m'chaka cha 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja m'chaka cha 1895, adaikidwa pa tchalitchi cha All Saints. Kuchokera m'mbiri yowawayo mudatuluka tauni imene Asilamu ndi Akhristu amagula pa msika umodzi ndi kulirana maliro. Mwana amakula akumva kuitana kwa ku mzikiti ndi belu la ku tchalitchi, naphunzira msanga kulemekeza mnzake wopemphera mosiyana naye.

Wina angafunse kuti, "Nanga ntchito?" N'zoona kuti ntchito zolembedwa n'zochepa, koma sikuti kulibiretu. Ku Dwangwa kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nkhalango yosungiramo nyama ya Nkhotakota, yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, idayamba kuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks m'chaka cha 2015, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 kudabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Izi zimafuna alonda a nyama, operekeza alendo ndi amisiri. Malonda a mpunga ndi nsomba nawo amapindulira kwambiri munthu wodziwa kuwerengera ndalama ndi kusunga mabuku.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malungo ndi likodzo zimavutitsa ana a m'mbali mwa nyanja. M'chaka cha 2024 madzi osefukira adagwetsa nyumba ndi kusowetsa pokhala mabanja ambiri cha ku Dwangwa. Nsomba nazo sizikugwidwa monga kale. Choopsa kuposa zonse n'chakuti nyanja yomwe imadyetsa banja ndi yomwenso imachotsa ana m'kalasi. Mnyamata akapita kukakoka chilimira usiku, m'mawa amakhala ali ndi ndalama m'thumba ndi tulo m'maso, ndipo sukulu amayamba kuiona ngati yotaya nthawi. Msungwananso angakopeke ndi ndalama zomwezo nalowa m'banja asanakhwime.

Apa ndipo pagona nkhani. Ngati ophunzira onse athawira kumizinda, mwana wa pa doko adzatengera chitsanzo kwa yani? Mphunzitsi amene wamanga nyumba pa Linga, amene ana ake amaphunzira pa sukulu yomwe iye amaphunzitsa, amamveka bwino kwa makolo kusiyana ndi mlendo amene akungodikira tsiku lomusamutsa. Wotsiriza sukulu amene watsegula chigayo, kapena wasonkhanitsa alimi a mpunga kuti agulitsire pamodzi, amaonetsa ang'ono ake kuti maphunziro ali ndi phindu ngakhale kwao komwe.

Kupita kutali kukaphunzira kapena kukaona dziko si kulakwa. Koma tsiku losankha malo omangapo banja likafika, mwana wa ku Nkhotakota ayenera kuika pa sikelo lendi ya chipinda chimodzi mumzinda ndi bwalo la kwao, kumene ana ake adzakulire pamaso pa agogo ao.