Mlendo ndi Mame: Nkhani ya Tauni ya Fayetteville

Anzanga, kodi njinga yamoto idadutsapo pafupi ndi nyumba yanu usiku? Agalu amauwa. Mwana amadzidzimuka nayamba kulira. Imeneyo ndi njinga imodzi yokha. Tsono taganizani njinga zamoto zikwizikwi zitasonkhana mumsewu umodzi kwa masiku anayi. Kodi inu mungagone?

Zimenezi zinkachitika chaka ndi chaka m'tauni ina ya ku America. Tiwerenge nkhani yake pang'onopang'ono. Powerengapo tisunge funso ili mumtima: alendo akachuluka pamudzi, eni mudzi amapindula chiyani, nanga amataya chiyani?

Tauniyi ili kuti?

Dziko la America lili ndi zigawo 50. Chigawo chimodzi dzina lake ndi Arkansas. Kumpoto chakumadzulo kwa chigawochi kuli mapiri otchedwa Ozark. M'mapiri amenewa muli tauni ya Fayetteville. Dzinali ndi lovuta kutchula. Musachite manyazi, funsani aphunzitsi anu akuthandizeni.

Pa kalembera wa chaka cha 2020 m'tauniyi mudapezeka anthu pafupifupi 94,000. Kwa anthu a ku America imeneyi si tauni yaikulu ayi.

Sukulu imene idakuza tauni

Matauni ena amakula chifukwa cha fakitale. Ena amakula chifukwa cha doko kapena njanji. Fayetteville idakula chifukwa cha sukulu. Pamwamba pa kaphiri, pafupi ndi pakati pa tauni, pali sukulu ya ukachenjede yotchedwa University of Arkansas. Idakhazikitsidwa m'chaka cha 1871. M'chaka cha 2022 ophunzira ake adapitirira 30,000.

Amene mudafikapo ku Zomba mukudziwa m'mene tauni ya sukulu imakhalira. Ophunzira akabwera, eni nyumba za lendi amasangalala. Ogulitsa zakudya amasangalalanso. Sukulu ikatsekera, malonda amazilala. Ku Fayetteville n'chimodzimodzi.

Pasukuluyi pali mwambo umene inu ungakukondweretseni. Munthu akamaliza maphunziro ake, dzina lake amalizokota pa simenti ya tinjira ta pasukulupo. Mayina oyamba ndi a anthu amene adamaliza m'chaka cha 1876. Mdzukulu amatha kubwera, nawerama, nawerenga dzina la agogo ake. Inu amene mwaphunzira kumene kulemba dzina lanu mukudziwa kukoma kwa zimenezi.

Msewu wa nyimbo

Ukatsika kuchokera pasukulupo umalowa mumsewu wotchedwa Dickson Street. Kumeneku ndi kumene anthu a m'tauniyi amakachezera madzulo. Kuli malo odyera, malo omwera ndi nyumba zoimbiramo.

Nyumba imodzi ndi yakale kwambiri. Dzina lake ndi George's Majestic Lounge. Idatsegulidwa m'chaka cha 1927. Anthu amapita kumeneko kukaona oimba ndi maso, atanyamula magitala awo, osati kungomvera pa wailesi. Nyumba ina ndi Walton Arts Center, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1992. M'menemo mumachitika masewero ndi zoimbaimba, ndipo makolo amapitako ndi ana awo.

Mwaonatu, msewu ndi umodzi, koma eni ake ndi ambiri. Ophunzira amati ndi wawo. Oimba amati ndi wawo. Amalonda ndi mabanja amatinso ndi wawo. M'chaka cha 2000 mudalowanso anthu ena, okwera njinga zamoto.

Njinga, nyimbo ndi nyama

M'chaka chimenecho mudayamba chikondwerero chotchedwa Bikes, Blues & BBQ. Mawuwa ndi a Chingerezi. Akutchula zinthu zitatu: njinga, nyimbo ndi nyama. Tione chimodzichimodzi.

Choyamba ndi njinga zamoto. Kwathu kuno njinga yamoto ndi ya ntchito. Imanyamula anthu pa kabaza, imanyamula matumba, imathamangitsa wodwala kuchipatala. Ku America anthu ambiri ali ndi magalimoto, choncho njinga yamoto amaigula chifukwa choikonda basi. Njinga zakenso ndi zikuluzikulu. Injini ya njinga ya kabaza kawirikawiri imakhala ya 100 cc kapena 125 cc. Njinga zazikulu za Harley-Davidson, kampani imene idayamba m'chaka cha 1903, zili ndi injini zopitirira 1,700 cc. Ikalira, mpaka pachifuwa pamanjenjemera.

Okonda njingazi ali ndi chizolowezi chosonkhana kamodzi pachaka. Msonkhano wina wotchuka umachitikira ku Sturgis, m'chigawo cha South Dakota, ndipo udayamba m'chaka cha 1938. Nanga ku Fayetteville adakondako chiyani? Adakonda misewu ya m'mapiri a Ozark. Ndi yokhotakhota, yokwera ndi kutsika, yodutsa m'nkhalango. Chikondwererochi kawirikawiri chinkachitika kumapeto kwa Sepitembala, pamene kumeneko nyengo yotentha imakhala ikutha.

Chachiwiri ndi nyimbo zotchedwa blues. Nyimbozi zidachokera kwa anthu akuda a kumwera kwa America. Makolo awo adatengedwa ku Africa ngati akapolo. Ukapolo udatha m'chaka cha 1865, koma umphawi ndi tsankho sizidathe. Anthuwo ankaimba za ntchito yowawa ya m'minda ya thonje, za ngongole, za chikondi ndi za ulendo. M'kupita kwa nthawi nyimbozi zidafala dziko lonse.

Chachitatu ndi nyama yootcha. Koma si kanyenya wathu uja wopsa msangamsanga. Iwo amaika nyama ya nkhumba kapena ya ng'ombe m'ng'anjo yotseka. Moto wake umakhala wapansipansi. Nyama imapsa ndi kutentha ndi utsi wa nkhuni, mwina maola 10 kapena kupitirira. Ikapsa imafewa mpaka kuchoka yokha pa fupa. Pachikondwereropo pankakhala mpikisano wa akatswiri ootcha nyamayi.

Chaka choyamba kudabwera okwera njinga mazana ochepa chabe. Koma mbiri idafala. Patapita zaka, okonza chikondwerero ankanena kuti alendo akupitirira 300,000. Taonani nambala imeneyi bwino. Ikuposa katatu chiwerengero cha eni tauni!

Zabwino zimene alendo ankabweretsa

Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Alendowa ankabwera ndi ndalama. Mahotela ankadzaza, ngakhale a m'matauni oyandikana nawo. Ogulitsa mafuta, zakudya ndi zakumwa ankagulitsa kwambiri. Boma la tauni linkapeza msonkho.

Chinanso ndi ichi. Bungwe lokonza chikondwererochi silidali lofuna phindu la munthu mmodzi. Ndalama zotsala linkazipereka ku mabungwe a m'deralo othandiza ana, okalamba ndi mabanja ovutika.

Okonzawo ankafunanso kuti chikondwerero chawo chikhale choti munthu n'kupitako ndi mkazi wake ndi ana. Misonkhano ina ya njinga zamoto idatchuka ndi uchidakwa ndi khalidwe lotayirira. Iwo sadafune mbiri yotere. Masana makolo ankayenda ndi ana mumsewu wa Dickson, kuona njinga zonyezimira zitandandalikidwa mbali zonse ziwiri. Loweruka kunkakhala mdipiti wa njinga, anthu ali m'mbali mwa msewu kuonerera.

Mavuto ake

Koma walira mvula walira matope. Si onse amene ankasangalala.

Vuto loyamba lidali phokoso. Njinga zinkalira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Okhala pafupi ndi msewuwo ankasowa tulo. Mabanja ena ankangotseka nyumba n'kupita kwina mpaka alendo atachoka.

Vuto lachiwiri lidagwera amalonda ena. Mwina mukuganiza kuti anthu akachuluka, wamalonda aliyense amapindula. Si choncho ayi. Mlendo wa panjinga amagula mowa, nyama ndi malaya a chikumbutso. Zina sazifuna. Pamene makasitomala a masiku onse amaopa chipwirikiti, nakhala kunyumba. Choncho masitolo ena ankagulitsa zochepa, ndipo ena ankangotseka masiku amenewo.

Vuto lachitatu lidali ngozi. Njinga zikachuluka pamsewu, ngozi zimachulukanso. Mowa ukalowapo, zimanyanya. Ku Arkansas lamulo lidasintha m'chaka cha 1997, ndipo munthu wa zaka 21 kapena kuposa adaloledwa kukwera njinga yamoto wopanda chisoti choteteza mutu. Koma lamulo likalola, mwala wa pamsewu sulola. Mutu ndi umodzi, ku America ngakhale kwathu kuno. Inu mukamakwera njinga yamoto, valani chisoti.

Kugawana malo ndi masiku

Nanga anthu osiyana chonchi adakhala bwanji limodzi kwa zaka 20? Yankho ndi lakuti ankagawana malo ndi masiku.

Nachi chitsanzo. Sukulu ija ili ndi timu ya mpira wa Chiamerika yotchedwa Razorbacks. Bwalo lake limalowa anthu oposa 70,000. Timuyi ikamasewera pakhomo, tauni yonse imadzaza. Okonda mpira ndi okwera njinga sakadakwana tsiku limodzi. Choncho okonza chikondwerero ankayamba ayang'ana ndandanda wa masewero, nasankha sabata imene pabwalopo palibe mpira.

Sukuluyo inkabwereketsanso mabwalo ake oimikapo magalimoto, kuti ena mwa amalonda ndi njinga akhale kumeneko. Apolisi ankatseka mbali ya msewu wa Dickson kuti magalimoto asalowe. Palibe amene adapeza zonse zimene ankafuna. Aliyense ankasiyako pang'ono.

Alendo adapita

Pali mwambi wina wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'chaka cha 2020 kudagwa mliri wa Covid-19, ndipo chikondwererocho sichidachitike. M'chaka cha 2021 zipatala za m'deralo zidali zodzaza ndi odwala. Sukulu ija idabweza chilolezo cha mabwalo ake, ndipo chikondwererocho chidalephekanso. M'chaka cha 2022 okonza adachisamutsira ku tauni ya Rogers, makilomita opitirira pang'ono 30 kumpoto.

Amalonda ena a ku Fayetteville adadandaula. Anthu ena adapumira m'mwamba. Koma kodi tauni idafa? Iyayi. Idali ndi zinthu zina zimene eni ake adazimanga kuti azigwiritsa ntchito okha, chaka chonse.

Zimene zidatsala

Msika wa alimi udatsala. Udayamba m'chaka cha 1973. Loweruka m'mawa alimi a m'deralo amabwera pabwalo la pakati pa tauni ndi masamba, zipatso, mazira ndi maluwa. Oimba amaima m'ngodya ndi magitala awo. Ana amathamangathamanga.

Njira ya oyenda pansi ndi njinga zakapalasa idatsala. Dzina lake ndi Razorback Greenway. Idatsegulidwa m'chaka cha 2015, ndipo ndi yaitali pafupifupi makilomita 60. Galimoto ndi njinga yamoto siziloledwamo. Mwana amaphunziriramo kupalasa njinga, mayi ake osada nkhawa.

Nyumba zoimbiramo za mumsewu wa Dickson zidatsala. Ophunzira amabwerabe chaka ndi chaka.

Ndipo nyumba yowerengeramo mabuku idatsala. Imeneyi ndiyo ndikufuna muikumbukire. M'chaka cha 2005 laibulale ya ku Fayetteville idasankhidwa kukhala laibulale yopambana ya chaka chimenecho ku America. M'chaka cha 2016 anthu a m'tauniyi adaponya voti yovomera kuti msonkho wawo ukwere, kuti laibulaleyo ikuzidwe. Tamvani bwino: adavomera okha kulipira zambiri chifukwa cha mabuku. Mbali yatsopano idatsegulidwa m'chaka cha 2021, chaka chomwe chija njinga zidalephera kubwera.

Tiphunzirapo chiyani?

Alendo ndi abwino. Tiwalandire, tigulitse malonda athu, tisangalale nawo. Koma asanabwere, eni mudzi ayambe akhala pansi. Agwirizane za malo, za masiku, za nthawi yoleka phokoso, ndi za kumene ndalama zidzapite. Afunsenso amene sapindula kanthu, monga nkhalamba, odwala ndi amayi a ana aang'ono.

Chikondwerero cha ku Fayetteville chinkatenga masiku 4. Chaka chili ndi masiku 365. Masiku 361 otsalawo mwana amafuna pophunzirira, mlimi amafuna pogulitsira, banja limafuna poyenda mosaopa. Zimenezi mlendo sangakumangireni.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi tauni ya Fayetteville idakula chifukwa cha chiyani?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene zili m'dzina la chikondwerero chija.
3. N'chifukwa chiyani masitolo ena ankatseka pamene alendo achuluka?
4. Chotsani 2000 pa 2022. Padapita zaka zingati chikondwererocho chisanasamukire ku Rogers?
5. Kwanuko, ndi msonkhano uti umene umabweretsa alendo ambiri? Ndani amapindula, nanga ndani amavutika?
6. Lembani m'kope lanu chinthu chimodzi chimene mungafune kuti mudzi wanu umange, choti chizikuthandizani chaka chonse.