Choyera cha pa pulagi

Ku Sinda, m'mbali mwa msewu wa Great East, ndinaona makaniko akumasula pulagi ya njinga yamoto. Nsonga yake inali bii ndi mwaye, koma choyera cha pakati chija chinali bwinobwino. Choyeracho ndi alumina, ufa woumbidwa n'kuwotchedwa m'ng'anjo, m'bale wake wa mphika umene agogo ku Vubwi amatereka pamafuwa tsiku ndi tsiku.

Nzeru yomweyi ndiyo imateteza injini za ndege zotera ku Lusaka. Mkati mwake mpweya umatentha kupitirira madigiri 1,400, moto woti ungafewetse zitsulo za nickel zozungulira mmenemo. Choncho amazikuta ndi ufa wina wotchedwa zirconia wosakaniza ndi yttria pang'ono, wochindikala mosafika theka la milimita. Kutentha sikudutsa msanga m'chokutiracho, ndipo mpweya wozizira woyenda m'timabowo ta chitsulocho umathandizira.

Vuto lake ndi la mphika lomwe: kung'aluka. Chitsulo chikatentha chimafufuma kuposa chokutira chake, ndiye pakapita nthawi chokutiracho chimasendeka. Ngakhale pulagi siifuna nkhanza. Mtima umandiwawa ndikaona anyamata ku Katete akuigwetsa pansi n'kuibwezera osaiyang'ana. Kamng'alu kosaoneka m'choyera chija kamathawitsa magetsi, njinga n'kuyamba kutsokomola pachitunda.