Kubadwa kwa tinthu tatsopano mumpweya woipitsidwa

Kubadwa kwa tinthu tatsopano mumpweya ndi zimene zimachitika pamene mipweya yosaoneka ndi maso igwirana n'kupanga timibulu ting'onoting'ono toyandama m'mlengalenga. Asayansi amatitcha aerosol. Tinthuti n'tosiyana ndi fumbi kapena mwaye, chifukwa fumbi ndi mwaye zimachoka pansi kapena pamoto zili kale zolimba, pomwe iti timapangika m'mwamba momwemo. Tikamayamba timakhala ta nanomita imodzi kapena ziwiri. Kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu ndi nanomita pafupifupi 70,000.

Mmene timayambira

Malasha ndi dizilo zikamayaka zimatulutsa mpweya wa sulfur dioxide. Dzuwa likawomba, mpweyawu umasanduka sulfuric acid. Payekha asidiyu sagwirana bwino: mamolekyu ake amakumana kenaka n'kumwazikanso. Chimene chimawamanga pamodzi ndi amoniya, amene amachokera ku ndowe, mkodzo wa ziweto, feteleza wa urea ndiponso moto wa tchire. Kafukufuku wa CLOUD ku CERN, pafupi ndi Geneva, anasonyeza zimenezi mu 2011, ndipo mu 2013 anapezanso kuti mipweya ina yapachibale ndi amoniya, ya gulu la amine, imamanga mwamphamvu kuposa amoniyayo.

Tinthu tambiri tobadwa kumene sitikhalitsa. Timagunda tinthu tikuluko timene tili kale mumpweya n'kumatirira pomwepo. Timene tapulumuka ndi tija takula msanga, pomwa nthunzi zochokera ku mitengo, utsi ndi mafuta a galimoto. Kukulaku nthawi zambiri kumakhala nanomita zochepa pa ola.

Chifukwa cha ichi, kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti mumpweya wodzaza utsi tinthu tatsopano sitingapulumuke. Koma m'mizinda ngati Beijing ndi Shanghai timabadwa kawirikawiri. Mu 2018 ofufuza anapeza kuti ku Shanghai sulfuric acid amagwirana ndi dimethylamine, ndipo mu 2020 gulu la CLOUD linasonyeza kuti kukazizira, nitric acid ndi amoniya zimatha kukulitsa tinthuti mofulumira kwambiri moti timathawa kumezedwa.

Kum'mwera kwa Africa

Miyeso yambiri ya m'chigawo chino yachitikira ku South Africa, m'malo ngati Botsalano, Marikana ndi Welgegund pafupi ndi Potchefstroom, mothandizana ndi asayansi a ku Finland. Ku Marikana, dera la migodi ya platinum, tinthu tatsopano tinkabadwa pa masiku oposa 8 mwa masiku 10 alionse, chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi malo ambiri a ku Ulaya. Dzuwa lamphamvu ndi utsi wa mafakitale ndizo zimachititsa. Ku Welgegund anapezanso kuti utsi wa moto wa tchire supitirira monga unachokera: masana, m'maola ochepa chabe, tinthu ta mu utsiwo timakula ndi kuchuluka kulemera chifukwa mipweya yake imasanduka zolimba.

Ku Mwanza

Boma la Mwanza lilibe mafakitale aakulu, koma zipangizo zonse za ntchitoyi zilipo. Msewu wa M6 wochokera ku Blantyre umatulukira pachipata cha Mwanza kulowa ku Zobue m'dziko la Mozambique, ndipo mathiraki a dizilo opita ku Tete, Zimbabwe ndi South Africa amaima pamzere pachipatapo, ena injini zikulira. Mwanza ndi Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndi maboma odziwika ndi kuotcha makala ogulitsa ku Blantyre, ndipo uvuni wa makala umafuka masiku angapo osaleka. Moto wofuka wotere, wopanda malawi, umatulutsa nthunzi zambiri zimene zimakulitsa tinthuti. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala anthu amatentha mapesi posasa m'minda ndi tchire posaka mbewa. Makola a ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba amapereka amoniya.

Choncho chimbuuzi chimene chimabisa mapiri mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa n'kumalowa lili psuu, si utsi wa moto wa pafupi wokha ayi. Mbali ina imapangika m'mwamba, ndipo ina imabwera ndi mphepo kuchokera kutali. Kafukufuku wa SAFARI 2000 anaona utsi wa mayiko a kum'mwera kwa Africa ukuyenda pamodzi ngati mtsinje mpaka kukatulukira ku nyanja ya Indian Ocean. Anthu ambiri amangoti ndi nyengo yake, ngati kuti chilimwe chimabwera nacho chokha, koma gwero lake lalikulu ndi moto woyatsa anthu.

Mitambo ndi thanzi

Kale mu 1880 John Aitken wa ku Scotland anasonyeza kuti dontho lililonse la mumtambo limafuna kanthu koti liyambirepo. Kanthu kobadwa mumpweya kakafika nanomita 50 mpaka 100 kamatha kugwira ntchito imeneyi, ndipo pafupifupi theka la tinthu toyambitsa madontho a mitambo padziko lonse timabadwa motere. Tikachulukitsa, madzi a mumtambo amagawikana m'timadontho tambiri ting'onoting'ono, timene timachedwa kulemera kuti tigwe ngati mvula.

Pa thanzi, tinthu tochepera mamaikulomita 2.5, totchedwa PM2.5, timalowa mkati mwenimweni mwa mapapo, ndipo timakulitsa mphumu, chibayo, matenda a mtima ndi sitiroko. Mu 2021 bungwe la WHO linatsitsa mlingo wake wa pachaka kufika pa mamaikulogalamu 5 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya, ndipo wa tsiku limodzi pa 15.