Kodi chimanga mukudyacho chamera pa dothi lotani?

Mukafika pamsika wa Limbe kapena wa Lizulu kukagula chimanga, mafunso ake ngodziwika kale. Kodi nchouma? Anankafumbwe sadalowemo? Ndowa mukuchita bwanji? Palibe ndi mmodzi yemwe amene amafunsa kuti chimangacho chamera pa dothi lotani. Komatu, abale anzanga, funso limeneli likukhudza mtima womwe ukugunda m'chifuwa mwanumo.

Nkhani yake ili pa mchere wina wa m'nthaka wotchedwa seleniyamu. Si mchere wothira m'ndiwo uja ayi. Uwu suoneka ndi maso, ndipo munthu wamkulu amangofuna mamaikulogalamu 55 patsiku, kutanthauza kuti galamu imodzi yokha ingamkwanire zaka pafupifupi 50. Koma kuchepako musakuderere. Seleniyamu amathandiza thupi kuteteza minofu yake kuti isaonongeke, ndipo mtima nawo ndi mnofu.

Thupi silipanga lokha mchere umenewu. Mbewu imautenga m'nthaka, ife nkuutenga m'chakudya. Vuto ndi lakuti chimanga sichifuna seleniyamu kuti chikule. Chikhoza kubereka zitsononkho zikuluzikulu, mlimi nkumasekerera, pamene m'kati mwa njere mulibe kanthu. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu a ku China adaphunzira zimenezi kudzera m'maliro. M'chaka cha 1935, m'boma la Keshan kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, mudabuka matenda odabwitsa. Mtima wa munthu unkatupa ndi kufooka, iye nkumabanika mpaka kutsirizika. Ogwidwa kwambiri adali ana ndi amayi a msinkhu wobereka, makamaka a m'mabanja a alimi odya za m'munda mwao zokha. Patapita zaka zambiri, akatswiri adaona kuti matendawa ankatsata madera omwe nthaka yake ili ndi seleniyamu wochepa. Kuyambira 1974 mpaka 1976 adayesa kupatsa ana masauzande ambiri timapiritsi ta seleniyamu m'boma la Mianning, chigawo cha Sichuan, ndipo matendawo adatsika kwabasi. M'zaka za m'ma 1990, Melinda Beck wa ku America adaonetsa pa mbewa kuti kachilombo kotchedwa Coxsackie, ngakhale ka mtundu wosaopsa, kamasanduka kolusa ndi kuononga mtima kakalowa m'thupi losowa seleniyamu.

Dziko lina lomwe lidakumana ndi nkhaniyi ndi Finland, kumpoto kwa Ulaya. Kumeneko abambo ankafa ndi matenda a mtima kuposa pafupifupi kwina kulikonse. Mu 1982, Jukka Salonen ndi anzake adalengeza kuti anthu omwe magazi awo adali ndi seleniyamu wochepetsetsa ankafa ndi matenda a mtima mochuluka kuposa anzawo. Boma silidachite chidodo. Mu 1984 lidayamba kusakaniza seleniyamu mu feteleza wa alimi. Mchere udalowa m'tirigu, m'udzu wa ng'ombe, mumkaka ndi m'nyama, ndipo m'zaka zochepa magazi a anthu adasintha popanda wina kumwa piritsi.

Mwina mukuti za ku China ndi ku Finland zikutikhudza bwanji ife akuno? Zikutikhudza zedi. Mu 2011, katswiri wa za nthaka Dr Allan Chilimba, pamodzi ndi anzake a ku yunivesite ya Nottingham, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa chimanga cha m'madera osiyanasiyana a dziko lino. Adapeza kuti chimanga chambiri cha m'Malawi muno chili ndi seleniyamu wochepa kwambiri. Chifukwa chake nchakuti nthaka yambiri kuno ndi ya asidi, ndipo nthaka yotere imaumana mcherewo osaupereka ku mizu. Koma chimanga cha pa dothi lakuda la makande, monga la m'Chigwa cha Shire, chidapezeka ndi seleniyamu wochuluka.

Kusiyanaku kumafika mpaka m'magazi. Kafukufuku wa mu 2013 adayerekeza amayi a ku Zombwe m'boma la Mzimba ndi a ku Mikalango m'boma la Chikwawa. Seleniyamu wa m'magazi a amayi a ku Zombwe sadafike ndi theka lomwe la wa anzawo a ku Mikalango. Onsewo amadya nsima. Chosiyana chachikulu ndi dothi. Kenaka mu 2019, pogwiritsa ntchito magazi omwe adatengedwa m'dziko lonse mu 2015 ndi 2016, akatswiri adaonetsa kuti amayi oposa theka a msinkhu wobereka alibe seleniyamu wokwanira.

Njira ya ku Finland ija idayesedwanso kuno. Mu 2019, mabanja ena a kwa Wimbe ku Kasungu adalandira ufa wa chimanga cholimidwa ku Bunda ndi feteleza wothira seleniyamu. M'masabata owerengeka, seleniyamu wa m'magazi a amayi adakwera pafupifupi kawiri. Kafukufuku ameneyu ankayeza magazi, osati matenda a mtima, koma adatsimikiza kuti mchere ukathiridwa kumunda umafika m'thupi.

Tsono apa mpofunika kumvetsetsana, chifukwa nkhani zotere zikatuluka ena amaona ngati mwayi wa bizinesi. Mawa lino mumva wina m'basi akuimika botolo la mapiritsi, amvekere awa ndiye mankhwala a mtima, asayansi avomereza. Musapupulume. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SELECT, yemwe adayamba mu 2001 ndi abambo oposa 35,000 a ku America, adapeza kuti mapiritsi a seleniyamu sadateteze anthu odya mokwanira kale ku khansa ya prostate ngakhale ku matenda a mtima. Kafukufuku wina wa komweko adaonetsa mu 2007 kuti omwe ankamwa mamaikulogalamu 200 tsiku ndi tsiku ankadwala shuga mochulukirapo. Ndipo seleniyamu akachulukitsa ndi poizoni. Ku Enshi, ku China komwe kuja, anthu adathothoka tsitsi ndi zikhadabo m'zaka za m'ma 1960 chifukwa chodya mbewu za pa nthaka yodzadza ndi mcherewu. Wosowa amathandizika, wokhuta kale amangodzipweteka.

Ngakhale ku Finland, imfa za matenda a mtima zidayamba kutsika feteleza uja asadabwere. Ntchito yaikulu idagwiridwa ndi kampeni yomwe idayamba mu 1972 m'chigawo cha North Karelia, motsogozedwa ndi Pekka Puska, yolimbikitsa anthu kusiya fodya, kuchepetsa mafuta a nyama ndi mchere wa m'chakudya, komanso kuyezetsa BP. Kunonso mdani wamkulu wa mtima ndi yemweyo. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sankadziwa nkomwe. WHO imati mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono. Inu amene mumadya tchipisi cha pachiwaya masana aliwonse, muwerengere mchere umene mumawazapo uja.

Nanga titani? Inu ndi ine tingayambe ndi mbale yathu. Usipa, matemba, mazira ndi nyama zili ndi seleniyamu wambiri kuposa nsima, ndiye ndiwo zisamangokhala zonunkhiritsa mbamu. Komanso kukayezetsa BP kuchipatala sikutenga nthawi yoti okabala angathawe.

Koma gawo lalikulu ndi la boma. Kuyambira 2005 dziko lino lathira ndalama zankhaninkhani pa feteleza wotsika mtengo, ndipo chipambano chake timachiyeza ndi matumba okha. Kafukufuku wa a Chilimba adaonetsa kuti magalamu ochepa chabe a seleniyamu pa hekitala akhoza kusintha chimanga cha m'munda wonse. Akatswiri athu adagwira kale ntchito yawo. Aphungu ndi akuluakulu a ku Capital Hill atiuze chomwe chikuletsa kuti mfundo imeneyi ifike pokambirana za feteleza. Inu ophunzira, wina akadzabwera kudzapempha voti ndi lonjezo la feteleza, mudzamfunse kuti m'thumbamo muli chiyani. Safunsa adadya phula.