Kufuna-funa Malembo a Baisikopo Yakale

Anthu ambiri a m'migodi ndi m'matauni anakula akupenya baisikopo usiku pabwalo, koma ndi ocepa amene adziwa kuti baisikopo iyambira pa pepala. Asanajambule kanthu, mlembi ayamba walemba mau onse amene ocita sewero adzanena, pamodzi ndi malo ndi nthawi ya cocitika ciri conse. Tsamba limodzi la malembo otere lilingana ndi mphindi imodzi ya cithunzi.

Malembo amenewa sapezeka kawiri-kawiri m'masitolo, pakuti sanali mabuku ogulitsa. Anali mapepala a nchito, cuma ca kampani, ndipo nchito itatha ambiri anatayidwa. Cifukwa cace munthu wowafuna ayenera kulondola kumene anapita, monga mlenje alondola mapazi a nyama.

Malo oyamba kufunsako ndiwo nyumba zosungiramo za baisikopo, monga Margaret Herrick Library ku Beverly Hills m'dziko la America, ndi British Film Institute ku London. Malo ena ndi odabwitsa. Kale boma la cigawo ca New York linali kupima baisikopo iri yonse isanaonetsedwe, ndipo eni ace anali kupereka mau ace olembedwa. Kupimako kunatha mu 1965, koma malembo oposa 50,000 akali kusungidwa mu mzinda wa Albany. Wofunsa achule dzina la baisikopo, caka cace ndi kampani imene inaipanga, popeza maina ena afanana. Adziwenso kuti mau a pa pepala angasiyane ndi a m'cithunzi, cifukwa ena anasinthidwa pa nthawi yojambula.

Nanga kubvutika konseku n'kwa ciani? Filimu yakale inali yosacedwa kugwira moto. Mu 1965 moto unabuka m'nkhokwe ya kampani ya MGM ku California, nutentha kope lotsiriza lodziwika la London After Midnight, baisikopo ya 1927 imene Lon Chaney anaseweramo. Kufikira lero kope lina silinapezeke. Koma malembo ace anapulumuka, ndipo mu 2002 Rick Schmidlin anawaphatikiza ndi zithunzi zosayenda zimene zinatoledwa pa nthawi yojambula. Motero anthu anathanso kutsata nkhaniyo kuyambira paciyambi kufikira pamapeto, ngakhale kuti baisikopo yeniyeniyo inapsa.