Nambala Yosagawika ya 2,147,483,647

Mwana akapatsidwa njere za chimanga 12 angathe kuziika m'milu yofanana: iwiri, itatu, inayi kapena isanu ndi umodzi. Koma akapatsidwa njere 7, ngakhale ayese chotani, padzatsala njere pambali, pokhapokha ataziika imodziimodzi kapena zonse pamulu umodzi. Nambala zotere zitchedwa zosagawika, ndipo ina mwa izo yoyenera kuti mphunzitsi aidziwe ndiyo 2,147,483,647.

Kapezedwe kake nkosavuta. Munthu alembe 2, nawirikize kuti pakhale 4, 8, 16, 32, napitirire chomwecho. Nambala yokhala pa malo a 31 mumzerewu ndi 2,147,483,648, ndipo pochotsapo 1 itsala nambala ija. Nambala zopezeka motere zitchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene adalemba za izo mu 1644. Mwa zosagawika za fuko limeneli iyi ndi yachisanu ndi chitatu, ndiponso 31 yemweyo ndi wa fuko lomwelo, pakuti ndiye 32 kuchotsapo 1.

Pamenepa pali msampha umene ukola ana anzeru koposa aulesi. Malo a 2, 3, 5 ndi 7 apatsa 3, 7, 31 ndi 127, zonsezo zosagawika. Tsono ana adzafulumira kunena kuti malo akakhala osagawika, yankho lidzakhalanso losagawika. Mphunzitsi asawatsutse ndi pakamwa, koma awatume kuti ayese malo a 11. Adzapeza 2,047, imene ioneka ngati yosagawika, chikhalirecho ndiyo 23 kuchulukitsa ndi 89.

Chifukwa cha ichi nambala yaikulu ija idafuna umboni wakewake, ndipo adaupereka ndi Leonhard Euler mu 1772, ali ku St Petersburg, maso ake atachita kale khungu. Iye sadayese kugawa ndi nambala iliyonse, pakuti moyo wa munthu sukadakwanira. Choyamba, palibe chifukwa chopyolera 46,340: nambala ziwiri zoposa pamenepo zikachulukitsana, yankho lipitirira 2,147,483,647, kotero kuti pakadakhala chogawira chachikulu, chinzake chikadapezeka mwa zazing'ono. Chachiwiri ndicho chidaonetsa luso lake. Adazindikira kuti nambala yosagawika iliyonse imene ingagawe iyi iyenera kusiya 1 kapena 63 ikagawidwa ndi 248. Potero zoyesa zidatsala zosakwana 400, ntchito imene kalasi la ana odziwa kugawa lingathe kugawana niliimaliza. Mwa zonsezo sipadapezeke ndi imodzi yomwe yoigawa popanda chotsala.

Fuko la Mersenne silidathere pomwepo. Mu 2024 makompyuta adatsimikiza kuti ya pa malo a 136,279,841 ndi yosagawikanso, ndipo poilemba pafunika manambala 41,024,320 ondondozana.