Chotupa cha Mafuta: Kodi Ndi Khansa Kapena Ayi?

Ambiri a ife tidaonapo munthu ali ndi chotupa chofewa pamsana, paphewa kapena pamkono. Sichipweteka, ndipo ukachikankha ndi chala chimasuntha pansi pa khungu. Madokotala amachitcha lipoma. Ndi mafuta chabe amene adaunjikana malo amodzi. Si khansa, ndipo munthu atha kukalamba nacho.

Palinso matenda ena osowa amene mafuta amakula mopyola muyeso koma osapanga chotupa cha malire ake. M'chaka cha 1888 dokotala wa ku Germany, Otto Madelung, adalemba za anthu amene mafuta adawazinga khosi ndi mapewa mofanana mbali zonse ziwiri. Matendawa amagwira makamaka abambo a zaka zapakati amene akhala akumwa mowa wambiri kwa nthawi yaitali. Kwathu kuno tikukumbukanso abale athu amene ankamwa ma ARV akale, monga stavudine. Nkhope ndi miyendo zinkaonda, ndipo kwa ena mafuta ankaunjikana pamimba kapena kuseri kwa khosi ngati linunda la ng'ombe. Zoterezi zimachititsa manyazi, anthu nkumalankhula zambiri, komabe si khansa.

Tsono vuto lili apa. Ilipo khansa ya mafuta yotchedwa liposarcoma. Ndi yosowa, ndipo imakonda akuluakulu a zaka 50 kupita m'tsogolo. Kawirikawiri imamera mkati mwenimweni mwa ntchafu, kapena m'mimba kumbuyo kwa matumbo, kumene imatha kukula kwambiri mwini wake asakudziwa. Nayonso poyamba siipweteka. Choncho mawu aja timakonda kunena akuti "bola sichikupweteka" asatinamize.

Kodi tingasiyanitse bwanji? Ndi dzanja lokha sitingathe, ngakhale dokotala amene. Koma zilipo zinthu zotichenjeza. Chotupa chikaposa masentimita 5, ndiye kuti kukula kuposa dzira la nkhuku, chikafufuzidwe. Chimodzimodzinso ngati chili mkati mwa mnofu osati pansi pa khungu penipeni, ngati ndi cholimba, kapena ngati chameranso pamene adachichotsa kale. Choposa zonse ndi kakulidwe kake. Tiyeni tizichiyeza ndi ulusi mwezi uliwonse ndi kumanga mfundo. Ulusi ukayamba kuperewera, tisadikire kuti tikolole kaye.

Kuchipatala amayamba ndi kuunika. Makina a MRI amaonetsa ngati mkati muli mafuta okhaokha kapena muli timakoma tokhuthala ndi tizibulumwa ta mnofu wina. Akakayika, amatengako kachidutswa ndi singano kuti akakapime pa maikulosikopu. Ngakhale pamenepo, mtundu wina wa khansayi umafanana zedi ndi mafuta wamba, kotero kuti m'zipatala zimene zili ndi zipangizo amapimanso jini yotchedwa MDM2. Mu khansa imeneyi jiniyo imapezeka itachuluka, pamene mu lipoma siichuluka. Chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chakhala ndi labu yopima zidutswa za m'thupi kuyambira 2011, ndipo ku Blantyre amapimanso.

Nkutheka kuti wina atiuza kuti titeme mphini kapena tingochiboola. Ayi ndithu, abale. Chotupa chachikulu chikadulidwa chisanadziwike kuti nchiyani, khansa imatsalira m'mbali nkumeranso, ndipo opaleshoni yachiwiri imakhala yovuta kuposa yoyamba.

Pali chinthu china chimene ife odwala timalephera chifukwa cha ulemu. Akatichotsa chotupa timangothokoza nkubwerera kumudzi, bala likapola basi nkhani yatha. Koma kudziwa za matenda athu ndi ufulu wathu, ndipo kufunsa si mwano. Tifunse kuti, "Adokotala, kodi chimene mwachotsachi chipita kokapimidwa? Nanga zotsatira ndidzazipeza liti, ndipo kwa yani?" Tsiku limene atiuzalo alilembe m'buku lathu la kuchipatala, ndipo likakwana tipite, ngakhale tikumva bwino.